Gemu ya pa TV ija musaitaye

 Kaya muli pakhomo, kaya muli mu minibasi, kaya mwakhala pakhonde kudikira kuti magetsi ayake, khalani nafe. Lero tikamba za chinthu chimene ambiri a inu munachigwirapo muli ana, ena mpaka munalawa nacho chikwapu chifukwa chochedwa kotunga madzi. Ndikunena gemu ya pa TV. Ija ya makaseti achikasu, ya mfuti yowombera abakha, ya kamunthu kovala chipewa chofiira kodumpha mapaipi.

Ndiyambe ndi nkhani ya ndalama, poti ndiyo imadzutsa ngakhale amene wayamba kusinza. Mu Ogasiti 2021, ku America, munthu wina amene sanafune kutchulidwa dzina anagula kaseti ya gemu ya Super Mario Bros. pa mtengo wa madola 2 miliyoni. Kaseti imodzi yokha. Mwezi wa Julayi chaka chomwecho, kaseti ya Super Mario 64 inali itapita pa madola 1.56 miliyoni, ndipo ya The Legend of Zelda pa madola 870,000. Chimene chinakweza mitengo choncho n'chakuti makaseti amenewa sanatsegulidwepo. Anali m'makatoni awo, okutidwa ndi pulasitiki monga mmene anatulukira kufakitale. Palibe mwana amene anawaseweretsapo.

Tsono musathamangire kuchipinda kukafwanthula masutikesi a amayi anu. Kaseti yanu ija, yolembedwa kuti muli magemu 9999999, singakugulireni ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ndikuuzani chifukwa chake. Ndikuuzaninso chifukwa chimene ineyo, amene ndakhala ndikutolera makina amenewa kuyambira ndili mnyamata, ndimanenera kuti yanuyo ndiyo ikufunika munthu woisunga kuposa ya madola 2 miliyoni ija.

Makina amene tonse tinkasewera aja kwawo n'ku Japan. Kampani ya Nintendo inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto, dziko lino lisanatchedwe n'komwe Nyasaland, ndipo ntchito yake inali kupanga makhadi osewerera otchedwa hanafuda. Patapita zaka pafupifupi 100, mkulu wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, analamula injiniya wake Masayuki Uemura kuti apange makina a magemu olumikiza ku TV, osintha makaseti, komanso otsika mtengo moti banja wamba likhoza kugula. Makinawo anatuluka pa 15 Julayi 1983. Anawatcha Family Computer, mwachidule Famicom, ndipo ankagulitsidwa pa mayeni 14,800. Anali ofiira ndi oyera, mapadi ake awiri anali omangiriridwa ku makina osati ozula, ndipo padi yachiwiri inali ndi maikolofoni. Oyambirira kutuluka anali ndi vuto, ankangouma gemu ili mkati, moti kampani inawaitanitsa kuchokera m'masitolo n'kukawakonza. Chinali chiyambi chotsimphina, koma pofika kumapeto kwa 1984 Famicom inali itagonjetsa anzake onse ku Japan.

Ku America zinthu zinali zina. Kumeneko msika wa magemu unali utagwa chagada mu 1983, chifukwa makampani anadzaza masitolo ndi magemu achabechabe mpaka ogula anatopa nawo. Kampani ya Atari inafika potenga makaseti osagulidwa n'kukawakwirira kudzala la zinyalala ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico. Kwa zaka zambiri ena ankayesa nthano, mpaka mu 2014 anthu anakakumba n'kuwapezadi. Choncho eni masitolo sankafuna kumvanso za gemu. Nintendo inachita ukathyali wa malonda. Inasintha maonekedwe a makina aja kukhala bokosi lotuwa lofanana ndi deki ya vidiyo, inawapatsa dzina lakuti Nintendo Entertainment System, mwachidule NES, n'kuwonjezapo kachidole ka loboti kuti zioneke ngati zoseweretsa za ana. Anayamba kugulitsa ku New York mu Okutobala 1985. Mukaphatikiza Famicom ndi NES, makina amene anagulidwa padziko lonse anaposa 61 miliyoni.

Chimene chimandigometsa ine mpaka lero ndi kuchepa kwa malo amene akatswiri aja ankagwirirapo ntchito. Gemu yonse ya Super Mario Bros., imene inatuluka ku Japan pa 13 Sepitembala 1985, ndi makilobaiti 40 okha. Chithunzi chimodzi chimene mumatumizira mlamu wanu pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo. M'kamalo kameneko Shigeru Miyamoto, Takashi Tezuka ndi anzawo anakwanitsa kuikamo mtunda, mapanga, nyanja ndi nyumba zachifumu, ndipo Koji Kondo anaikamo nyimbo zimene ena a inu mukuziimba chamumtima panopa. Anachita kupanikiza chilichonse. Mukadzaionanso gemuyi, mudzayang'anitsitse mitambo ya kumwamba ndi zitsamba za pansi. N'chojambula chimodzimodzi, anangosintha mtundu, china choyera china chobiriwira. Ngakhale maonekedwe a Mario mwiniwakeyo anabadwa chifukwa cha kusowa kwa malo, kale mu 1981 m'gemu ya Donkey Kong. Anamuveka chipewa poti tsitsi linali lovuta kujambula, anamupatsa ndevu zapamlomo kuti asavutike ndi kamwa, anamuveka ovolosi kuti manja azioneka akamathamanga. Anthu amenewa ankadziwa kuphika ndi zimene zilipo.



Nthawi imene ana a ku Tokyo ankadumphitsa Mario, kuno ku Malawi kunalibe nyumba youlutsira kanema. Anzathu a ku Zambia anali nayo kuyambira mu 1961, koma ife tinadikira mpaka pa 1 Epulo 1999 pamene Television Malawi inayamba. Izi zisanachitike, amene anali ndi TV ankaonerapo mafilimu a pa deki, ndipo ena tonsefe tinkalipira khobidi kukakhala pa benchi m'nyumba zoonetsera vidiyo. Choncho gemu ya pa TV inafika m'makomo mwathu mochedwa, kwa ambiri m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, pamene kwawoko anali atasamukira kale ku PlayStation. Ina inkabwera m'zikwama za amalume ochokera ku Joni, ina inkagulidwa m'masitolo a m'tauni.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Makina amene anafika kunowo sanali a Nintendo. Anali okopera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mafakitale a ku Taiwan anaphunzira mkati mwa Famicom n'kuyamba kupanga yawoyawo, kenako a ku China anatengera pomwepo. Ntchitoyi inaphweka chifukwa Famicom ya ku Japan inalibe loko. NES ya ku America inali ndi kachipangizo kotchedwa 10NES kamene kankakana kaseti yopanda chilolezo, koma ya ku Japan inkalandira kaseti iliyonse yolowa pabowo. Patapita nthawi okoperawo anapanikiza makina onse m'kachipangizo kamodzi kobisika pansi pa kadontho ka phula lakuda. N'chifukwa chake gemu yanu ija inali yopepuka choncho. Amene anaitsegulapo akudziwa kuti mkatimo munali mphepo yokhayokha ndi kabolodi kakang'ono pakona.

Makina okoperawa anazungulira maiko onse amene Nintendo sinkawawerengera. Ku Russia anafika mu 1992 ndi dzina lakuti Dendy, okhala ndi chizindikiro cha kanjovu, ndipo ana a kumeneko anakula akudziwa Dendy osati Nintendo. Ku Poland anali Pegasus. Ku Brazil kunali Phantom System. Ku South Africa ambiri amakumbukira Golden China. Kunalinso Terminator wakuda uja, ndi PolyStation, amene kunja ankaoneka ngati PlayStation, koma ukatsegula chivindikiro, m'malo mwa poika CD unkapeza bowo la kaseti. Ana ambiri analira pa Khirisimasi chifukwa cha ameneyo. Ina inali ndi kiyibodi, yolembedwa kuti ndi kompyuta yophunzitsira. Ku China yotchuka inali Subor, imene Jackie Chan ankaitsatsa pa kanema. Makolo ankagula poganiza kuti mwana aziphunzira masamu ndi kutaipa. Masamuwo ankachitikadi, tsiku loyamba, bambo ali pompo.

Za makaseti ndiye musanene. Pachikuto ankajambulapo asilikali a minofu ndi ndege zankhondo zimene m'katimo munalibe, n'kulembapo nambala yodzaza ndi ma 9. Ukayatsa, mndandanda unkatsika osafika pothera. Koma utasewera masiku angapo unkazindikira kuti magemu enieni ndi owerengeka pa zala, enawo ndi omwewo obwerezedwa. Mario yemweyo koma wayambira gawo lachitatu, akasinja omwewo koma asintha mtundu. Ya akasinja ija dzina lake lenileni ndi Battle City, inapangidwa ndi Namco mu 1985, ngakhale ambiri tinaidziwa ndi dzina la okopera lakuti Tank 1990. Panali Circus Charlie wokwera mkango n'kumadumpha mphete za moto, panali Road Fighter, panali Excitebike ya njinga zamoto. Ndipo panali Contra ya kampani ya Konami, imene inali ndi chinsinsi chake. Ukadina mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kenako B ndi A, unkapatsidwa miyoyo 30 m'malo mwa itatu. Panalibe intaneti, koma chinsinsi chimenechi chinayenda pakamwa kuchoka ku Japan mpaka kufika m'makalasi a pulayimale.

Gemu inali ndi malamulo ake osalembedwa. Wofa apereke padi. Mwini gemu ndiye woyamba, ndipo iyeyo akafa ankati padi inakakamira, ayambirenso. Wamng'ono pa onse ankapatsidwa padi yosalumikiza, iye n'kumadina ndi mtima wonse osadziwa kuti amene akusewera ndi achimwene ake. Ofika ndi mapazi afumbi ankaonera pawindo. Kumene kunalibe magetsi, TV yaing'ono ya zithunzi zakuda ndi zoyera inkayendera batire la galimoto, ndipo batirelo likamatha chithunzi chinkayamba kufota m'mbali, inu mukadali pakati pa nkhondo. Adaputala inkatentha moti sunkatha kuigwira, ndiye panali wina wotumidwa kuti aziikupiza ndi chikuto cha kope.

Nanga mawu aja a makolo, akuti gemu imaononga TV? Tinkati akungofuna kutimana, komatu munali kachilungamo. Pa TV zakale, chithunzi chosasuntha chikakhala malo amodzi kwa maola ambirimbiri chimatha kusiya chipsera pagalasi, ndipo magemu amakhala ndi manambala osasuntha pamwamba. Kungoti kuti zifike pamenepo pankafunika nthawi yaitali kwambiri kuposa imene amayi ankatilola.

Kutolera kwanga kunayambira m'nyengo imeneyo, ndipo kunayamba ndi zakufa. Kwathu kunalibe ndalama yogulira gemu yatsopano, choncho ndinkapempha zimene anzanga ataya: padi yoduka waya, kaseti yosweka chikuto, makina amene apsa adaputala. Ndinkazisunga m'katoni ya nsapato pansi pa bedi. Mkulu wina wokonza mawailesi pamsika wa kwathu ankandilola kukhala pambali pake, ndipo ndi iyeyo anandionetsa kuti zambiri zimene anthu amati zafa zimakhala kuti kawaya kamodzi kokha kaduka polowera. Makina oyamba amene ndinawatcha anga anali thupi la uku, mapadi a uko, adaputala ya wailesi. Anayaka. Kuchokera pamenepo sindinasiye. Ndikakhala pa ulendo ndimapatukira kwa ogulitsa zipangizo zakale zamagetsi, kuja amaunjika ma rimoti, machaja ndi mawaya pamphasa, n'kufunsa ngati ali ndi makaseti a gemu. Achinyamata amandiyang'ana modabwa. Achikulire amamwetulira, n'kulowa kuseri kukavundukula thumba.

Famicom yeniyeni ndinadzaigwira ndili wamkulu kale, m'bale wina atanditumizira kuchokera kunja. Ndi makina okongola, olemera bwino m'manja, ndipo mabatani ake samira ngati a okopera aja. Ndimaisamala. Koma ndikuuzeni zoona, siinandigunditse mtima ngati mmene amachitira Terminator wosweka pakona. Ndipo pali chifukwa china chimene si cha mumtima chabe. TV za ku Japan ndi ku America zinkasintha chithunzi maulendo 60 pa sekondi, pamene za kuno, monga za ku Ulaya, zinkasintha maulendo 50. Makina ambiri okopera amene ankapangidwira TV zathu ankayendetsa magemu a ku Japan pa liwiro la 50, kutanthauza kuti chilichonse chinkayenda mochedwerapo, kudumpha ndi nyimbo zomwe. Nditayatsa Famicom yeniyeni ija, Mario ankathamanga ngati wamwa mankhwala, ndipo zala zanga zinkaphonya malo amene ndinkawadutsa nditatsinzina. Mario amene tinakula naye kuno si yemwe uja wa ku Kyoto ndendende. Ndi wathu wochedwerapo, ndipo amakhala m'makina okopera okhawo.

Wina anena kuti, kodi mukuyamikira akuba? Funso labwino, ndipo sindilizemba. Kukopera magemu kunali kuphwanya lamulo. Amene anatuluka thukuta popanga Contra ndi Mario sanalandire kalikonse pa makaseti achikasu aja. Umwini wa kapangidwe ka makina lamulo limauteteza kwa zaka 20, ndipo wa Famicom unatha m'zaka za m'ma 2000, koma umwini wa magemuwo ukadalipo mpaka lero. Zimenezo n'zoona. N'zoonanso kuti Nintendo sinabwere kudzatigulitsa ife makina ake, ndipo ikanabwera, mtengo wake ukanakhala wa ana a mabwana okhaokha. Mwana wa ku Ndirande, wa ku Kanyama, wa ku Soweto ndi wa ku Moscow anadziwa gemu kudzera pakhomo la kuseri. Mbiri siisankha zoyera zokhazokha. Zinachitika choncho, ndipo amene akufuna kudzafotokoza ubwana wa m'badwo umenewo sadzaufotokoza ndi katoni yomata ya ku New York.

Tsopano kwa inu amene mwayamba kukumbukira kuti kwinakwake m'nyumba mwa makolo muli gemu yotere, tcherani khutu, chifukwa pali zinthu zimene zimapha makinawa pa tsiku lomwe awapeza.

Choyamba ndi magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi mavoti 100, ku America 120, kuno 230. Mukapeza makina enieni ochokera kumeneko n'kulumikiza adaputala yake kukhoma kwathu kuno, mumva kuphulika ndi fungo la chopsa, basi nkhani yathera pomwepo. Ngakhale pakati pa apachibale awiriwa pali msampha. Adaputala ya NES ya ku America imatulutsa magetsi a mtundu wina, ya Famicom mtundu wina, koma pulagi yake imalowa bwinobwino pabowo la inzake. Ambiri awotcha Famicom mwa njira imeneyi. Za okopera ndiye aliyense ankapanga mmene wafunira. Safunsa anadya phula. Werengani zolembedwa pansi pa makina, ndipo ngati zafufutika pitani nawo kwa wokonza mawailesi akayeze.

Kenako kuuzira. Tonse tinkachita: kaseti ikakana, kuizula, kuuzira mpweya mwamphamvu, kuibwezera, ndipo inkayaka. Tinkakhulupirira kuti mpweya wathu ndi mankhwala. Chimene chinkathandiza kwenikweni ndi kuzula ndi kubwezerako, chifukwa timano ta kaseti tinkakhudzananso bwino ndi ta makina. Mpweya wa mkamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezicho pa zaka zambiri chimadya timanoto. Nintendo yomwe inachenjezapo za khalidwe limeneli. Tengani kathonje ka m'makutu, kanyowetseni ndi sipiliti woyera wa ku famase, pukutani timanoto mpaka kathonje kasiye kuda, dikirani paume. Makaseti ambiri amene ndinapatsidwa kuti ndi akufa anadzuka ndi zimenezi zokha. Powasunga, apewetseni dzuwa, chifukwa pulasitiki woyera amasanduka wachikasu ndipo amafika pophwanyika. Apewetseninso chinyezi cha nthawi ya dzinja, komanso mphemvu, zimene zimakonda kukaswerana m'kati mwa chilichonse chofunda.

Za mfuti ija ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa ambiri amaitaya poganiza kuti yafa. Gemu ya abakha, Duck Hunt, inatuluka mu 1984. Tili ana tinkaganiza kuti mfutiyo imatumiza kanthu ku TV. Ayi, imachita kulandira. M'kati mwa mpope wake muli kadiso koona kuwala. Mukakoka chowombera, sikirini yonse imada kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako pamalo pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera. Kadiso kaja kakaona mdima kenako kuwala, makina amadziwa kuti munaloza pa bakha. Kakaona mdima wokhawokha, galu wa m'gemumo amadzuka m'maudzu n'kukusekani. Zonsezi zimachitika mofulumira moti diso la munthu limangoona kuphethira. Tsono TV zamakono zopyapyalazi zimayamba zakonza chithunzi zisanachionetse, ndipo kuchedwa pang'ono kumeneko kumasokoneza mfuti. Mukhoza kugunditsa mpope pagalasi, bakha osagwa. Choncho wosunga gemu ayenera kusunganso TV yakale, ija yotupa kumbuyo. Koma chonde musaitsegule nokha. M'kati mwake mumatsala magetsi amphamvu ngakhale mutaizula kukhoma, ndipo akhoza kukuvulazani koopsa. Imeneyo ndi ntchito ya okonza ma TV.

Wina akakuuzani kuti akugulitsa kaseti yeniyeni, musatengeke ndi mtundu. Kaseti yeniyeni ya Super Mario Bros. ya ku Japan nayonso inali yachikasu. Yang'anani timano: ya Famicom ili ndi 60, ya NES ili ndi 72 ndipo ndi yaikulu, yotuwa. Masiku ano pali anthu amene amasindikiza zikuto zatsopano n'kumata pa makaseti okopera kuti adyere osadziwa. Ndiponso, amuna anzanga, ichi ndi chizolowezi chodya ndalama mwakachetechete. Fizi ya ana iyambe yalipiridwa.

Eni akewo mbiri yawo akuisamala. Nintendo inasiya kupanga Famicom mu Sepitembala 2003, patatha zaka 20, ndipo inapitiriza kukonza zowonongeka mpaka 2007 pamene zipangizo zinasowa. Mu 2016 inatulutsa kamakina kakang'ono kofanana ndi NES kokhala ndi magemu 30 m'kati, ndipo anthu anakalimbirana m'masitolo. Mu Okutobala 2024 inatsegula nyumba yosungiramo mbiri yake ku Uji, pafupi ndi Kyoto. Ngakhale zili choncho, kafukufuku amene bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa mu 2023 anapeza kuti pa magemu 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, magemu 87 sakugulitsidwanso. Kumeneko n'ku America, kumene kuli ndalama, mabungwe ndi anthu olembedwa ntchito yosunga zinthu. Nanga makina opanda dzina la fakitale, opanda adiresi, amene anapangidwa kuti agwire ntchito chaka chimodzi n'kutayidwa? Amene anawapanga sangabwere poyera kudzanena kuti ndi athu. Akatha m'makomo mwathu ndiye kuti atheratu.

N'chifukwa chake malonda a madola mamiliyoni aja sandisangalatsa. Makaseti amenewo amapimidwa, kupatsidwa malikisi, n'kutsekeredwa m'bokosi la pulasitiki wolimba kuti munthu asadzawakhudzenso. Wogulayo ali ngati venda wosunga chimanga m'nkhokwe kudikira Febuluwale kuti mtengo ukwere. Njala yake si ya nsima. Ndipo mitengo ija siinakhalitse, inatsika kwambiri chitadutsa chaka cha 2021, ena n'kutsala atagwira m'mutu. Gemu anaipanga kuti iseweredwe. Zanga zonse ndimaziyatsa, ndipo ana a abale anga akabwera ndimawapatsa padi. Amayamba n'kuseka zithunzi zake, kuti koma amalume, zimenezi ndiye munkakomedwa nazo? Pakapita kanthawi mumawamva akukangana kuti wofa apereke padi, popanda wowaphunzitsa. Ndikudziwa kuti magemu omwewa akupezeka pa foni, ndipo sindikuletsa. Koma foni ndi ya munthu mmodzi, pamene makina aja anabwera ndi mapadi awiri.

Ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo pabwalo pake pali injini za sitima zimene zinapangidwa kutali koma zinagwira ntchito yake kuno n'kukhala mbali ya mbiri yathu. Gemu ya pa TV nayonso ikuyenera shelefu yake m'malo otero, pamodzi ndi katoni yake yolembedwa Chingerezi chokhotakhota.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukapita kwa makolo mwezi uno, kayang'aneni pamwamba pa wadiropu ndi m'nyumba yosungira makasu. Mukaipeza, musaiyatse musanaonetsetse za adaputala. Musataye katoni ngakhale itang'ambika, musataye mfuti, musataye padi yoduka waya. Funsani akuluakulu kuti inagulidwa kuti, chaka chanji, ndi ndani, pa ndalama zingati, mulembe pakapepala n'kuika m'katonimo, chifukwa zimenezo palibe wina angadzazilembe. Ngati mulibe malo kapena chidwi, ipatseni munthu amene angaisamale m'malo moiponya kudzala.